Katundu wa Munthu Woyenda Yekha

Anthu akatha kugulitsa thonje ndi nandolo, misewu ya m'maboma a Machinga ndi Balaka idzaza ndi apaulendo. Ena apita ku Limbe kukapikula katundu wa m'masitolo ao, ena ku Zomba kukazonda odwala ku chipatala chachikulu, ena ku Nayuchi kukagula mpunga ndi nsomba, ndipo anyamata ambiri alunjika ku Lilongwe kapena ku Joni kukafuna nchito. Masukulu akamatsegulidwa, ana amene anasankhidwa kukaphunzira kutali alowanso m'gulu lomweli. Ochuluka mwa anthu amenewa ayenda okha, pakuti mtengo wa basi masiku ano sulola kuti munthu alipirirenso womperekeza.

Akale anati kuyenda awiri si mantha, ndipo sananame. Mnzake wa pa ulendo ndiye asunga chikwama pamene munthu wapita ku chimbudzi, ndiye aonjezera ndalama ya basi ikaperewera, ndiyenso alankhula m'malo mwake akadwala mwadzidzidzi osatha kutchula ngakhale dzina la mudzi wake. Woyenda yekha alibe womchitira zonsezi. Chotero nchito ya mnzakeyo iyenera kugwiridwa ndi zinthu zimene wanyamula, ndipo polongedza ayenera kuganizira kwambiri za tsiku limene ulendo usokonekera pakati pa njira, iye ali pa malo pamene palibe womdziwa.

Pamene maulendo adukira

Maboma awiriwa anali boma limodzi kufikira chaka cha 1998, pamene Balaka anapatulidwa ku Machinga. M'dziko lonseli ndi anthu owerengeka okha amene akwera galimoto imodzi kuchokera pa khomo kufikira kumene apita. Munthu wa ku Chikweo wofuna kufika ku Lilongwe ayamba ndi njinga yamoto kapena lole, natsikira pa Nselema kapena pa Ntaja. Pamenepo akwera minibasi yomfikitsa pa Liwonde, aoloka Shire pa Kamuzu Barrage imene inamangidwa mu 1965, nafunanso galimoto ina yodzera ku Balaka kukafika pa Chingeni, pamene msewu wa M8 ukumana ndi msewu waukulu wa M1. Malo ali onse osinthira galimoto ndiwo malo otayikira katundu, ndiponso ndi pamene nthawi ithera, popeza minibasi sinyamuka isanadzaze. Munthu wonyamuka pa Ntaja dzuwa liri pa mutu asadabwe akafika pa Chingeni kutada.

Ena akonda sitima chifukwa cha mtengo wake ndi malo oika katundu. Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima inadzera pa Balaka mu 1935, ndipo ina, yochokera pa Nkaya kudzera pa Liwonde kukafika ku Nayuchi m'malire a Mozambique, inatsegulidwa mu 1970. Utali wa njanji yachiwiriyi ndi pafupifupi makilomita 100. Komatu masitima amene anthu aona kawiri kawiri pa njanji imeneyi ndi a malasha ochokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala, ndipo satenga anthu. Sitima ya anthu siyenda tsiku liri lonse. Wofuna kuikwera afunsiretu pa siteshoni tsiku ndi nthawi yake, pakuti safunsa anadya phula, ndipo woiphonya ku Nayuchi adikira masiku, kapena alipira ndalama zambiri pa njinga yamoto.

M'dzinja bvuto likula. Anthu akumbukira madzi osefukira a mu January 2015 ndi mu March 2019, ndiponso namondwe wa Freddy mu March 2023, pamene milatho inakokoloka ndipo apaulendo anakhala tsidya lina masiku angapo alikuyang'ana kwao. Ngakhale chaka chopanda namondwe, mtsinje waung'ono ukadzaza utsekereza njira usiku wonse. Chifukwa chake wanzeru alongedza monga munthu amene adzagona pa njira usiku umodzi woposa umene anaganizira.

Chikwama chimodzi

Kulongedzera usiku wapadera sikutanthauza kusenza nyumba yonse. Muyeso wa katundu wa woyenda yekha ndi uwu: akhale woti mwini wake angathe kuyenda naye ola lathunthu popanda womthandiza, woti akwane pa kaliyala ya njinga ya kabaza, ndipo dzanja limodzi litsale lopanda kanthu. Bokosi lachitsulo limene makolo ankapita nalo ku Halale linali labwino pa nthawi yake, koma lifuna anthu awiri. Chikwama chobereka kumbuyo kapena chopachika pa phewa chiposa.

Wonyamula zikwama zitatu aona zoopsa zake akangotsika pa depoti. Anyamata oitanira minibasi amthamangira, wina atenga ichi kulowera uku, wina icho kulowera uko, ndipo mwini wake sadziwa atsate yani. Ambiri a anyamatawa afuna chabe kudzaza galimoto zao, koma pakati pa phokoso lotero mbala nayonso igwira nchito yake. Chikwama chikakhala chimodzi, munthu achigwiritsa nanena mwaulemu kuti, "Zikomo achimwene, ndinyamula ndekha."

Bvuto lina lichokera kwa abale a pa mudzi. Pomva kuti wina apita ku tauni, uyu abwera ndi ufa, uyu ndi maungu, uyu ndi nkhuku yomanga miyendo, onse ati akapereke kwa ana ao. Kukana nkobvuta, koma woyenda yekha ayenera kulandira zokhazo zimene angathe kusenza. Pa chikwama amange kansalu ka mtundu woonekera kuti achizindikire msanga pochitsitsa, popeza zikwama za pa msika zifanana, ndipo dzina lake alilembe mkati mwake. Chikaikidwa kumbuyo kwa minibasi kapena pansi pa basi, aone ndi maso ake pamene chaikidwa, ndipo pa malo ali onse pamene ena atsika aponyeko diso.

Za pa thupi

Pali zinthu zina zosayenera kulowa m'chikwama chachikulu mpang'ono pomwe. Fodya wa munthu ndi amene ali pa mphuno, wa pa chala ngwa mphepo. Ndipo pa ulendo chikwama chimene chiri pamwamba pa lole ndicho fodya wa pa chala. Chiphaso, buku la ku chipatala, mankhwala, ndalama ndi lamya ya m'manja zikhale pa thupi, m'kathumba kovala mkati mwa malaya kapena kopachika m'khosi. Mapepala akulungidwe m'pulasitiki yochindikala chifukwa cha mvula ndi thukuta.

Chiphaso cha unzika chinayamba kuperekedwa kwa anthu onse a zaka 16 ndi kuposerapo mu 2017. Chifunika ku banki, polembetsa nambala ya lamya, pofuna nchito, ndiponso apolisi angathe kuchifunsa pa malo ochitira chipikisheni mu msewu. Nambala yake ilembedwe pa pepala lina lotsala ku nyumba, kuti chikatayika kukhale kosabvuta kufotokoza ku polisi. Wopita kukafuna nchito kapena kukakhala nthawi yaitali ku mudzi wachilendo achita bwino kutenganso kalata ya amfumu a kwao. Ena aiyesa chinthu chachikale, koma mfumu ya kumene apitako ilandira mosiyana mlendo wa kalata ndi mlendo wongotulukira.

Koma chinthu choposa zonse m'kathumba kameneka ndi chosagula ndi ndalama: kapepala kolembedwa ndi inki m'malembo akuluakulu. Pa kapepalako palembedwe dzina la wapaulendo, mudzi wake, nyakwawa ndi mfumu yaikulu ya kwao, monga Kawinga, Nyambi, Kalembo kapena Nsamala, ndi boma lake. Palembedwenso maina ndi manambala a lamya a anthu awiri a ku nyumba, dzina ndi nambala ya munthu wa kumene apita, ndi nthenda iri yonse imene ali nayo, monga khunyu, shuga, mphumu kapena kuthamanga kwa magazi.

Ena adzati zonsezi ziri kale m'lamya. Koma lamya ndiyo iyamba kubedwa, ndiyo iyamba kusweka pa ngozi, ndipo moto wake utha. Ngakhale ipulumuke, kawiri kawiri ikhala yotseka ndi nambala yachinsinsi imene mwini wake yekha adziwa. Ndipo popeza lamya isunga manambala, anthu ambiri lero sadziwa pa mtima ngakhale nambala ya mkazi wao. Chipatala cha boma la Machinga chimene chiri pa Liwonde, ndi chipatala cha boma la Balaka, zilandira anthu obvulala pa misewu ya M1, M3 ndi M8. Wobvulala wosadziwika athandizidwa ndithu ndi madotolo, koma agona wopanda mbale womsambitsa, womdyetsa ndi womtembenuza, pamene abale ake ku mudzi aganiza kuti wafika bwino. Zikabvutitsitsa munthuyo namwalira, maliro opanda mwini aikidwa ndi boma, kawiri kawiri ndi manja a akaidi, kutali ndi manda a makolo ake. Kapepala kong'amba m'kope kangathe kuletsa zonsezi.

Pano aphunzitsi ali ndi mwai wothandiza mudzi wonse. Kulemba kapepala kotere ndi phunziro labwino la kalembedwe, ndipo mwana ali yense angathe kulembera agogo ake kapena mnansi wosadziwa kulemba. Anthu okalamba opita okha ku chipatala cha maso kapena ku maliro akutali ndiwo akafuna koposa onse.

Ndalama

Ndalama zisakhale pa malo amodzi. Za basi ndi za kabaza zikhale pafupi, ndipo zikhale zing'onozing'ono. Ndalama ya pepala ya K5,000, imene inatuluka mu 2022, ndi yabwino posunga, koma woipereka kwa kondakitala mmawa auzidwa kuti adikire chenji, ndipo ambiri atsika ataiwala. Zina zikhale m'kathumba ka mkati. Mfundo ya pa ngodya ya chitenje ndi malo odziwika kwa mbala iri yonse. Kathumba kosokerera mkati mwa chobvala kaposa. Kutulutsa mpukutu wonse wa ndalama za thonje pogula nthochi pa windo ndiko kudziitanira tsoka.

Airtel Money ndi Mpamba zapeputsa bvuto limeneli, pakuti ndalama ya m'lamya sibedwa mosabvuta ngati nambala yachinsinsi iri mu mtima mokha. Koma asaike zonse m'menemo. Ku midzi yakutali netiweki isowa, ndipo nthawi zina wothandiza pa kauntala akhala alibe ndalama zokwanira kupatsa munthu. Achenjerenso ndi uthenga wonena kuti wina wamtumizira ndalama molakwitsa ndipo azibweze. Ayambe waona yekha zimene ziri m'lamya mwake.

Pamwamba pa zonse pakhale ndalama yobwererera, yosakhudzidwa ngakhale njala iwawe. Mitengo ya galimoto isintha mafuta akasowa, kotero mtengo umene mnansi analipira mwezi watha sungadaliridwe. Paonjezeredwe ina yokwanira chipinda cha usiku umodzi ku nyumba yogona alendo. Wachinyamata wopita kukafuna nchito akumbukire kuti adzaukulu a adiresi imene wapatsidwa angakhale atasamuka, ndipo anthu ambiri osowa pokhala m'matauni anayamba ndi kudya ndalama yobwererera.

Mankhwala, madzi ndi kamba

Munthu womwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a chifuwa chachikulu, a shuga kapena a khunyu, atenge okwanira ulendo wonse ndi kuonjezerapo a sabata imodzi. Awasiye m'botolo lake lomwelo lokhala ndi dzina la mankhwala. Ma ARV aperekedwa mwaulere m'zipatala za boma kuyambira 2004, koma alipobe ena amene awasiya ku nyumba poopa kuti abale a kumene apita angawaone. Manyazi otere ndi oopsa, chifukwa kudumphitsa masiku kupatsa kachirombo mpata wozolowera mankhwalawo. Botolo lingakulungidwe m'kansalu, ndipo palibe adzafunse. Buku la ku chipatala lisatsale, pakuti ndilo liuza dotolo wa kwina zimene munthu amwa ndi zimene anadwalapo.

Nthenda imene igwetsa apaulendo msanga ndi kutsegula m'mimba. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unayamba kuonekera m'boma la Machinga mu March 2022, ndipo m'mbali mwa nyanja za Chilwa ndi Chiuta nthendayi si yachilendo. Kolera ichotsa madzi m'thupi mofulumira kotero kuti munthu wamphamvu angathe kufa tsiku lomwelo. Mapaketi awiri kapena atatu a Thanzi ORS salemera kanthu. Paketi imodzi isungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino, ndipo wodwala amwa pang'ono pang'ono alikupita ku chipatala. Paketi ikasowa, masupuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi zithandiza. Masupuniwo akhale osefa, osadzaza mulu.

Madzi atengedwe ku nyumba, owiritsa kapena othira WaterGuard, m'botolo lotsuka bwino. Mu October ndi November, pamene Balaka ndi Liwonde atentha ngati ng'anjo, malita awiri si ambiri. Madzi ozizira ogulitsidwa m'timatumba pa windo akoma pa khosi, koma wogula sadziwa chitsime chake. Kachidutswa ka sopo kakhale pafupi kosambira m'manja asanadye. Wofika pa Liwonde thupi liri thukuta lokhalokha asayesedwe kukasamba ku Shire, makamaka madzulo; ng'ona ndi mvuu za kumeneko sizisankha mlendo, ndipo madzi odikha a m'madambo ali ndi likodzo.

Malungo nawo ndi ambiri m'maboma onse awiri. Machinga ndi Balaka anali m'gulu la maboma 11 kumene katemera wa malungo anayambira mu 2019, koma katemerayo ndi wa ana ang'ono. Wamkulu adalira neti. Ku nyumba kumene apita neti ingakhale yosakwanira, ndipo mlendo achita manyazi kupempha. Neti yopinda bwino itenga malo ochepa, ndipo kachingwe koimangira kasaiwalike. Panado athandiza mutu, koma thupi likatentha munthu akayezetse magazi ku chipatala asanamwe LA. Wosowa womfunsa angathe kuimba mwaulere pa 929, ku Chipatala cha pa Foni, nchito imene inayambira m'boma la Balaka lomweli mu 2011.

Kamba wa pa ulendo akhale wosaonongeka ndi kutentha: mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, mbatata kapena chinangwa chootcha, chigumu, nthochi zosapsetsa. Nsima ndi ndiwo za msuzi zisasa lisanapendeke dzuwa, ndipo thobwa lotsekera m'botolo lifufuma ndi kunyowetsa zobvala. Kamba apulumutsa ndalama, athandizanso Asilamu ndi ena osadya nyama iri yonse ya pa msewu. Kugawana chakudya ndi wokhala naye mpando umodzi ndi mwambo wabwino, koma chakumwa chotsegula kale cha munthu wosamdziwa achikane mwaulemu; wogona tulo tosadziwika bwino auka wopanda kanthu.

Zobvala ndi zina zing'onozing'ono

Zobvala zosinthira ziwiri zikwanira ulendo wa masiku ochepa, popeza sopo alipo. Chitenje ndicho mfumu ya katundu yense, ndipo mwamuna asachite nacho manyazi. Achifunda usiku, achiyala pansi podikira sitima, apukutira thupi, apinda nkhata, amangira bala, ndipo chikwama chikang'ambika chisanduka phukusi. Juzi kapena jekete ifunika ngakhale kwa wonyamuka ku chigwa chotentha, pakuti mu June ndi July mphepo ya chiperoni izizira ku Zomba ndi ku Blantyre, ndipo pamwamba pa lole mbandakucha pazizira mwezi uli wonse. Nsapato zikhale zozolowera. Zatsopano zotulutsa matuza zidikire tsiku la ukwati. M'dzinja ambulera kapena pepala lalikulu la pulasitiki liteteza munthu ndi chikwama chomwe.

Tochi yaing'ono ikhale yapadera, chifukwa kuunikira ndi lamya kutha moto umene ufunika poimba. Wotsika galimoto usiku nayenda njira ya m'tchire ayenera kuona pamene aponda. Chotchajira lamya, mayunitsi ogulira kale, singano ndi ulusi, machesi ndi cholembera zitsiriza mndandanda. Lamya idzazidwe moto usiku woti mawa ulendo, ndipo isathere pa nyimbo ndi mafilimu mu basi.

Chiriponso china chosalemera konse. Anthu ambiri a ku Machinga ndi Balaka alankhula Chiyao, ena Chilomwe. Pafupifupi onse amva Chichewa, koma mlendo wodziwa kupereka moni wakuti "Ali uli?" ndi kuthokoza kuti "Sikomo kwejinji" aona kuti njira alozeredwa ndi nkhope yosekerera. Mdima ukamgwera pa mudzi wachilendo, afunse nyumba ya amfumu. Pa tauni afunse polisi kapena nyumba yogona alendo, osati kutsata munthu ali yense wonena kuti ali ndi malo.

Amai ndi ana a sukulu

Mai woyenda yekha anyamuke mmamawa kuti afike kusanade, ndipo m'galimoto akhale pafupi ndi amai anzake. Atenge zofunika pa nthawi ya kumwezi ngakhale masiku ake asanakwane. Wapakati asasiye buku la ku sikelo, ndipo miyezi ikayandikira ayende ndi zitenje zoyera ndi zonse zimene anamwino anamuuza. Wobereka mwana awerengedwa ngati woyenda yekha, ndipo katundu wake achepe koposa, popeza msana uli kale ndi mwini wake.

Mwana wopita koyamba ku sukulu yogonera komweko, monga ku Balaka Secondary School, ndiye asowa malangizo koposa. Katundu wake achuluka: bulangeti, neti, ndowa, mbale, kapu, makope. Zing'onozing'ono zilowe m'ndowa, ndipo chiri chonse chilembedwe dzina. Fizi ndi bwino ilipiridwe ku banki pamene sukulu ilola, mwana anyamule lisiti lokha pamodzi ndi kalata yomuitana. Pa kapepala kake paonjezeredwe nambala ya mphunzitsi wamkulu, ndi 116, nambala yaulere yothandiza ana amene ali pa bvuto. Makolo amuuze momveka malo amene adzatsikira ndi mtengo wa galimoto iri yonse, ndipo amkwezetse okha galimoto yoyamba.

Wooloka malire

Kale anthu opita ku migodi ankayenda m'magulu, ndipo a Wenela ndiwo ankaona za ulendo wonse, kufikira 1974 pamene ndege yonyamula anthu a ku Malawi inagwa ku Francistown ndipo boma linaletsa kulemba anthu. Lero wopita ku Johannesburg adziyendera yekha, kudzera ku Tete ndi ku Beitbridge, ulendo wa masiku awiri kapena atatu. Kamba ndi madzi ake achuluke, ndipo jekete ikhale yochindikala, pakuti chisanu cha kumeneko mu June ndi July sichifanana ndi cha kuno. Chofunika koposa ndi pasipoti yakeyake yodindidwa pa chipata chiri chonse. Oyenda opanda mapepala ambiri atsekeredwa ku Lindela, nabwezedwa kwao opanda ngakhale chikwama chimene anapita nacho.

Pasipoti ndi chiphaso asazipereke kwa munthu womlonjeza nchito kuti amsungire. Kulanda mapepala ndiyo njira imene ozembetsa anthu agwiritsa kuti munthu asathawe, ndipo dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo lolanga mchitidwe umenewu mu 2015. Wongopita tsidya la Nayuchi, ku Entre Lagos, kukagula malonda kapena kukaona abale, adzere ku ofesi ya olowa ndi otuluka afunse chiphaso choyenera. Njira za m'tchire zioneka zachidule, koma wogwidwa kumeneko alibe chonena.

Zosayenera kunyamula

Katundu wina atengera munthu ku ndende. Nyama ya m'tchire, minyanga, zikopa ndi mamba a ngaka ndi zoletsedwa, ndipo apolisi ndi alonda a Liwonde National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1973, ayang'anitsitsa misewu yozungulira. Chiyambire 2017 chilango cha mlandu wa nyama zotetezedwa kwambiri chingafike zaka 30. Thumba la makala lopanda chilolezo lilandidwa pa chipikisheni, ndipo lamulo la nkhalango limene linakonzedwanso mu 2020 linakweza zilango. Za chamba nzosachita kunena. Petulo wa m'chigubu m'galimoto yodzaza anthu ndi imfa ya onse.

Anthu ambiri osalakwa agwa m'mabvuto amenewa chifukwa cha phukusi la eni. Munthu afika pa depoti, napempha mwaulemu kuti wapaulendo amtengereko kakatundu kokapereka kwa mbale wake pa Zalewa kapena pa Ulongwe, mwina napereka ndi ya fanta yomwe. Pa chipikisheni apolisi afunsa mwini chikwama, ndipo wotumayo sapezekanso. Phukusi la munthu wosamdziwa likanidwe. La mnansi kapena la mbale limasulidwe pamaso pa mwini wake lisanalowe m'chikwama. Wa zolinga zabwino sakwiya nazo.

Zonse zikalongedzedwa madzulo, wapaulendo auze a ku nyumba njira imene adzera ndi nthawi imene ayembekeza kufika, kuti akapanda kumva uthenga adziwe poyambira kufunsa. Kenaka abereke chikwama chake ayende nacho kukafika pa mjigo ndi kubwerera. Chikamlemera pa mtunda waufupi wotere, achimasule achotsemo zina, kuyambira maungu.